Makina a ku Kapichira tinakonza, nanga mantha amene anatsala m'matupi mwa anthu a m'chigwa?

Pa 24 January 2022 namondwe wa Ana anagwetsa chimvula chomwe chinadzaza mtsinje wa Shire mpaka madzi kugumula mbali ina ya damu la ku Kapichira, m'boma la Chikwawa. Makina onse anayi a kampani ya EGENCO anaima, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 tsiku limodzi lokha. Eni zigayo, ometa tsitsi, owotcherera zitsulo ndi ogulitsa zoziziritsa kukhosi akukumbukira bwino mmene mdima wa chaka chimenecho unawawira. Nkhani ya Kapichira inali pa wailesi, ku Nyumba ya Malamulo ndi m'maminibasi momwe. A World Bank anavomereza ndalama zokwana madola 60 miliyoni a ku America zobwezeretsera magetsi, akatswiri anabwera ndi zimakina zawo, ndipo pofika mu May 2023 makina aja anali akuzunguliranso.

Palibe angadandaule kuti magetsi anabwerera. Koma paja madzi amene anang'amba damu sanathere pa Kapichira. Anatsika m'chigwa, nakumana ndi a mitsinje ya Mwanza ndi Ruo, n'kulowa m'midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje. Kumeneko tinawerenga nyumba zogwa, mahekitala a mbewu zokokoloka, ng'ombe zotayika, milatho ndi misewu yoduka, chilichonse ndi mtengo wake. Chimene sichioneka kwenikweni pa mndandanda wotere ndi mtima wa mayi umene umayamba kuthamanga mvula ikangoti waaa pa malata, kapena mwana wa zaka 9 amene anayambiranso kukodza pogona. Mfundo yanga lero ndi yoti mantha amenewa nawonso ndi chionongeko cha namondwe. Amakhala m'thupi, amadwalitsa, ndipo njira zowachepetsera zilipo zomwe sizilira ndalama zambiri.

Tikumbutsane kaye zimene anthu a m'chigwa akhala akudutsamo. Mu January 2015 madzi osefukira anasowetsa pokhala anthu oposa 200,000 m'dziko muno, ndipo Nsanje ndi Chikwawa anali m'gulu la maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Mu March 2019 kunabwera madzi a namondwe wa Idai. Mu 2022, Ana atangochoka, mu March kunafika Gombe, kenako matenda a kolera omwe anapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse. Mu March 2023 Freddy anapeza anthu asanamalize n'komwe kumanga. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 650,000 anathawa m'nyumba zawo. Ndiye kuti mwana wa ku Makhanga amene anabadwa mu 2014 anaona madzi otere kasanu asanakwanitse zaka 10. Thupi la mwana ameneyu linaphunzira phunziro limodzi: kukada mitambo, konzeka kuthawa.

Munthu wa kumudzi akafika kuchipatala sanena kuti ali ndi vuto la maganizo. Amanena zimene akumva. Amati mtima ukuthamanga, mutu ukuwawa tsiku ndi tsiku, thupi lonse likuphwanya, m'mimba mukutentha, tulo sitikubwera, miyendo ilibe mphamvu, kapena pachifuwa pakukhala ngati pali chimwala. Sakunama ndipo sakudzipangitsa. Zimenezo akuzimvadi. Koma pamzere pali anthu ambirimbiri, dokotala ndi mmodzi, kunja dzuwa la m'chigwa likuswa mtengo. Amamuyeza malungo, osapezeka. Amamuyeza BP, mwina yakwerako pang'ono. Amamupatsa panado kapena bufeni, basi azipita. Pakatha masabata awiri wabweranso ndi madandaulo omwe aja, ndipo ena amayamba kumunena kuti amakonda chipatala.

Sindikuloza chala ogwira ntchito m'zipatala zathu. Ambiri a iwo madzi omwewo anawalowera m'nyumba, ndipo amagwira ntchito m'malo ovuta. Chimene ndikunena n'choti pali funso lachiwiri limene silifunsidwa kawirikawiri: kodi zimenezi zinayamba liti, nanga chinachitika n'chiyani nthawi imeneyo? Funso limeneli likafunsidwa, nthawi zina yankho limakhala loti zinayamba usiku umene madzi anafika.

Kuti timvetse, tione mmene thupi limagwirira ntchito. M'mutu mwa munthu aliyense muli kachigawo ka ubongo kokhala ngati mlonda, akatswiri amakatcha amygdala. Ngozi ikafika, mlondayu amaimba mluzu munthu asanaganize n'komwe. Nthawi yomweyo timadzi ta m'thupi totchedwa adrenaline, kenako cortisol, timalowa m'magazi. Mtima umagunda mofulumira, kupuma kumakhala kwa befu, minofu imakungika, m'mimba mumayamba mwasiya kugaya chakudya, magazi amathamangira kumiyendo ndi kumikono. N'chifukwa chake munthu amene masiku onse sangakwere mumtengo amapezeka ali pamwamba pa nthambi madzi akafika usiku, iye mwini osadziwa kuti wakwera bwanji. Ndipo pamene kuthawa n'kosatheka, thupi limatha kungouma gwa, munthu osatha kufuula kapena kusuntha. Zonsezi si kupusa kapena mantha achibwana. Ndi mmene thupi limatetezera moyo.

Vuto limabwera ngozi ikatha koma mlonda uja osaleka kuimba mluzu. Bingu likagunda, mluzu. Fungo la matope, mluzu. Phokoso la madzi pamjigo, mluzu. Tinene chilungamo: anthu ambiri amachira okha pakapita masabata kapena miyezi, makamaka akakhala pakati pa abale, ali ndi chakudya ndi pogona pabwino. Koma pali ena amene mantha samawachoka. Amalota madzi, amadzidzimuka ndi kanthu kakang'ono, amapewa njira yodutsa kumtsinje, amapsa mtima msanga kapena kungokhala duu ngati mulibe munthu. Zikapitirira nthawi yaitali n'kumalepheretsa munthu kugwira ntchito zake, madokotala amati ndi matenda a PTSD. Ku Chikwawa ndi Nsanje mlonda ameneyu sapatsidwa mpata wopuma, chifukwa asanakhazikike madzi ena afikanso.

Apa ndi pamene pakubwera chithandizo chimene kunjaku akuchitcha somatic therapy. Liwu loti soma ndi la Chigiriki, limatanthauza thupi. Ganizo lake ndi loti ngati mantha akhazikika m'thupi, kucheza kokha mwina sikungakwanire, mpofunika kuyambira pa thupi lomwelo. Mmodzi mwa anthu amene anatchukitsa njirayi ndi Peter Levine wa ku America, yemwe anatulutsa buku lake loyamba lodziwika pa nkhaniyi mu 1997. Iye akuti anaphunzira poonera nyama zakutchire. Amene anakachezako ku Majete, nkhalango imene ili m'mbali mwa mathithi a Kapichira, amazidziwa nswala. Levine amati nswala ikapulumuka kwa chilombo imanjenjemera thupi lonse, n'kupuma mozama, kenako n'kubwerera kukadya msipu ngati sipanachitike kanthu. Kwa iye kunjenjemerako ndi njira imene thupi limatulutsira mphamvu imene linasonkhanitsa pothawa.

Tsono ife anthu timaletsana. Munthu akayamba kunjenjemera timati limbani mtima. Bambo akafuna kulira timati mwamuna salira. Mayi akafuna kubuma timati ana akuonani. Ndiye munthu amameza zonse, n'kuima nganganga pamzere wa ufa ngati zonse zili bwino, m'kati mukuyaka moto.

Pa chithandizo chamtunduwu, wothandiza sayamba ndi kunena kuti tafotokozani zonse zimene zinachitika. Amayamba ndi kufunsa kuti panopa mukumva chiyani m'thupi, ndipo mukumva pati. Amamuthandiza munthu kupeza kaye pamene pali bwinoko: mapazi amene aponda pansi, msana umene watsamira khoma, manja amene ali pamaondo. Kenako amayandikira chikumbutso chowawa chija pang'ono chabe, mtima ukayamba kuthamanga amabwerera pamene panali bwino paja, mpaka thupi lizolowere kuti kukumbuka madzi si kumira. Amachita monga mmene timamwera phala lotentha, kuyambira m'mbali.

Njirayi ili ndi ubwino umodzi umene ukugwirizana ndi kwathu kuno: simukakamiza munthu kuyankhula. Taganizirani kholo limene mwana anapulumuka m'manja mwake madzi atakula mphamvu. Kholo lotere limadziimba mlandu usana ndi usiku. Kuliuza kuti likhale pansi ndi mlendo wonyamula kope n'kufotokoza zonse kuyambira pachiyambi ndi kulizunza kachiwiri. Ngakhale bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limachenjeza za mchitidwe wosonkhanitsa anthu ngozi itangochitika n'kuwauza kuti afotokoze zonse pa tsiku limodzi, chifukwa kafukufuku sanaonetse kuti zimathandiza. Munthu amene sangathe kutchula dzina la mwana wake angathe kuphunzira kupuma, kugona ndi kudya. Mawu adzabwera nthawi yake ikakwana.

Komabe ndisakunamizeni, abale anzanga. Nkhani ya somatic therapy yatchuka kuposa umboni wake. Chitulukireni buku la dokotala wina wa ku America, Bessel van der Kolk, mu 2014, nkhani ya mantha okhala m'thupi yadzaza pa Facebook ndi TikTok, ndipo m'mizinda ngati Johannesburg ndi London ena apezerapo malonda. Kafukufuku wodalirika pa njira ya Levine ndi wochepa. Wina wodziwika anachitikira ku Israel ndipo anatuluka mu 2017. Anakhudza anthu 63 okha, ndipo anapeza kuti amene analandira chithandizochi anapezako bwino kuposa amene ankangodikira. Ndi chiyambi chabwino, koma anthu 63 sangayankhire dziko lonse. Ngakhale nkhani ya nswala ija ndi ganizo chabe, silinatsimikizidwe kuti ndi mmene zimakhaliradi mwa munthu. Pa matenda enieni a PTSD, a WHO amalimbikitsa uphungu wapadera woyang'anizana ndi chikumbutso cha ngoziyo komanso njira ina yotchedwa EMDR.

Choncho sindikupempha boma kuti likagule maphunziro odula kunja, kapena kuti tilandire aliyense wobwera ndi satifiketi ya pa intaneti n'kumati amachotsa mantha m'thupi. Ndikunena za tizigawo tosavuta, kupuma mwachifatse ndi kudzibweza pamalo pamene uli, timene tili kale m'mapologalamu oyesedwa bwino pakati pa anthu osauka ngati ife. Mu 2016 a WHO anatulutsa ndondomeko yotchedwa Problem Management Plus, yomwe inayesedwa ku Pakistan ndi ku Kenya. Munthu amakumana ndi mlangizi kasanu, mlangiziyo sachita kukhala dokotala, ndipo chinthu choyamba chimene amaphunzitsa ndi kupuma pang'onopang'ono. Ina ndi Self-Help Plus, imene inayesedwa ku Uganda pa amayi pafupifupi 700 othawa nkhondo ku South Sudan. Amayiwo ankakhala m'magulu n'kumamvera maphunziro ojambulidwa, motsogozedwa ndi anthu wamba ophunzitsidwa kwa masiku ochepa. Zotsatira zake, zomwe zinatuluka mu 2020, zinaonetsa kuti nkhawa zawo zinatsika.

Kufupi konkuno, ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, ife timati kuganiza kwambiri. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016 anaonetsa kuti anthu amene anakhala pa benchi ija anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Phunziro lake ndi lomweli: sitiyenera kudikira kuti mudzi uliwonse ukhale ndi dokotala wa maganizo. Munthu wodalirika wa m'mudzi momwemo, akaphunzitsidwa bwino n'kumayenderedwa ndi omuyang'anira, angathe kuchita zambiri.

Mwina wina akufunsa kuti kupuma kumene ndikunenaku n'kotani, poti tonse timapuma. Munthu wamantha amapumira pachifuwa, mofulumira, ndipo zimenezi zimaonjezera chizungulire ndi kuthamanga kwa mtima. Kupuma kwinaku n'kotere: khalani pansi, ikani dzanja pamimba, kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka katatu kuti mimba ikwere, kenako utulutseni pang'onopang'ono, motalikirako kuposa mmene munakokera. Chitani zimenezi kwa mphindi zingapo, ndipo mukamva chizungulire lekezani kaye. Pamene munthu akutulutsa mpweya, mtsempha wina wochokera ku ubongo wotchedwa vagus umachepetsa kugunda kwa mtima. Mukatero dindani mapazi pansi, yang'anani uku ndi uku, tchulani zinthu zisanu zimene mukuona ndi zitatu zimene mukumva. Cholinga n'kumuuza mlonda uja kuti lero si usiku wa madzi uja. Sizichiritsa tsiku limodzi. Zimafuna kubwereza tsiku ndi tsiku, makamaka nthawi imene mtima uli m'malo, kuti thupi lizolowere.

Ndipo tisaiwale kuti nzeru yoti chisoni chimatuluka kudzera m'thupi si yachilendo kwathu kuno. Taonani mwambo wa maliro. Amayi amalira mokweza, ena amamugwira namfedwa kuti asagwe, anthu amagona pa siwa, amaimba usiku wonse, amadya pamodzi. Palibe amene amamufunsa woferedwa kuti afotokoze mmene akumvera. Amangokhala naye pafupi. Kumpoto kuli vimbuza, gule wochiritsa wa Atumbuka amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, pomwe wodwala amavina pakati pa ng'oma ndi nyimbo za anthu a m'mudzi mwake. M'chigwa muli utse, muli likhuba, muli valimba. M'matchalitchi muli makwaya. Munthu amene akuimba amatulutsa mpweya motalika mwachibadwa, ndipo amene akuvina ndi anzake amaponda pansi pamodzi nawo. Makolo athu sankadziwa za vagus, koma ankadziwa kuti kalikokha n'kanyama.

Madzi osefukira amasokoneza zimenezinso. Mu 2015 ndi mu 2023 mabanja ambiri sanapeze matupi a abale awo, ndiye panalibe siwa, panalibe manda, panalibe tsiku lometa. Chisoni chinasowa pokhala. Kumisasa, anthu a midzi yosiyanasiyana amapanikizana m'makalasi ndi m'matenti, ng'oma zinapita ndi madzi, ndipo magule timawakumbuka pokhapokha nduna ikubwera kudzapereka ufa. Bwanji osakonza kuti pa msasa uliwonse pakhale nthawi ndi malo oti anthu aziimba, kuvina, kupemphera ndi kusewera mpira paokha, popanda mlendo wolemekezeka woti amusangalatse? Bwanji mafumu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti osakonza mwambo wokumbukira amene sanapezeke, mayina awo n'kutchulidwa limodzi ndi limodzi?

Pano mpofunika kuchenjera. Si mwambo uliwonse wonena za kuyeretsa thupi umene umachiritsa. Kulowa kufa, kumene kwakhala kukuchitika m'madera ena a m'chigwa momwemu, kumazunza mayi amene ali kale pa chisoni n'kumuika pa chiopsezo cha HIV, ndipo lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa miyambo yoononga yotere. Munthu wonjenjemera kapena wolota zoopsa asamuuze kuti walodzedwa, chifukwa mathero ake timawadziwa: gogo wina wosalakwa amagendedwa. Ndipo popeza chithandizo cha thupi nthawi zina chimakhudza kugwirana, lamulo likhale lomveka bwino. Pasapezeke wogwira thupi la mnzake popanda chilolezo, amayi ndi atsikana azithandizidwa ndi amayi anzawo pamalo oonekera, ndipo aliyense akhale ndi ufulu wokana. Kumisasa n'kumene anthu amakhala osatetezeka kwambiri, ndiye tisatsegulire afisi khomo m'dzina la chithandizo.

Chenjezo lina ndi la kuchipatala. Kuthamanga kwa mtima kungakhale kuchepa kwa magazi, BP, shuga kapena matenda a mtima enieni. Kuphwanya kwa thupi kungakhale malungo. Munthu ayambe wayezedwa. Ndipo amene akuganiza zodzipha, amene akumva mawu oti ena sakuwamva, kapena amene wasiyiratu kudya ndi kudzisamala, ameneyo si wophunzitsa kupuma pansi pa mtengo. Atengeredwe kuchipatala chachikulu cha boma mwachangu.

Ndikudziwa kuti ena owerenga akwiya kale. Akuti munthu alibe ufa, alibe nyumba, mbuzi zake zinapita, iwe ukuti azikoka mpweya? Mpweya amadya? Funso limeneli ndi lachilungamo, ndipo mbali ina ndikugwirizana nalo. Mankhwala oyamba a mantha ndi chitetezo. Ngati banja likugonabe m'njira ya madzi, mlonda wa m'thupi uja sakulakwitsa poimba mluzu, akunena zoona. Palibe kupuma kumene kungalowe m'malo mwa malo okhala kumtunda, chenjezo lofika nthawi yabwino, bwato lokonzeka, ndi chakudya chokwanira. Aliyense amene angagwiritse ntchito nkhani ya uphungu pofuna kuzemba udindo wopereka zimenezi ndi wachinyengo.

Ngakhale nkhani yosamuka ija tiziikamba mwaulemu. Chaka chilichonse anthu a m'tauni timati anthu a ku Nsanje ndi osamva, amakana kusamukira kumtunda chifukwa amafuna zaulere. Koma m'madimba a m'mbali mwa Shire ndi mmene muli chinyezi chokolola chimanga, mbatata ndi nyemba mvula ikavuta. M'madambo ndi mmene muli nsomba. Kumeneko n'kumene kuli manda a makolo. Kumtunda malo ali ndi eni ake, ndipo nthawi zambiri ndi ouma. Munthu amene akusankha pakati pa madzi ndi njala sakhala ndi mtendere mbali iliyonse, ndipo kusowa mtendere kumeneko nakonso kumadya thupi.

Koma mbali inayo nayo ndi yoona. Bambo amene sanagone bwino miyezi itatu sangalime bwino ngakhale mutamupatsa mbewu ndi feteleza. Ena amafuna tulo m'botolo la kachasu, ndipo ndalama ya thandizo imathera komweko. Kupsa mtima kumene kwasowa kolowera kumagwera mkazi ndi ana. Mwana amene maso ali pa mitambo samva zimene aphunzitsi akunena, ndipo akakodza pogona amakwapulidwa m'malo motonthozedwa. Ndiye thumba la ufa ndi chithandizo cha mantha sizikulimbirana malo. Chimodzi chimathandiza chinzake kuti chigwire ntchito.

Nanga ntchitoyi agwire ndani? Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba, mtunda wa makilomita oposa 200 kuchokera pa boma la Nsanje, ndipo a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Munthu wa ku Makhanga, amene nthawi ya mvula amachita kuoloka pa bwato kuti afike ku Bangula, sangapite kumeneko chifukwa cha kusowa tulo. Komanso dzina loti ku Zomba ku mentala limaopsa anthu, palibe afuna kutchedwa wamisala. Amene ali pafupi ndi alangizi a zaumoyo, aphunzitsi, olera ana m'sukulu za mkombaphala, amayi a m'magulu a pasukulu, anthu ongodzipereka a Red Cross, makomiti a m'midzi oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, abusa ndi mashehe. Amenewa ndi amene amafika poyamba, ndipo ndi amene amatsala magalimoto a mabungwe akabwerera ku Blantyre.

Choncho pempho langa kwa a DoDMA, unduna wa zaumoyo ndi makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje ndi ili. Lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi lomwe Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2023 likutsindika za kukonzekera ngozi isanafike. Kukonzekera kumeneko kuphatikizepo kuphunzitsa anthu ndatchulawa mvula isanayambe, osati madzi atafika m'khosi. Maphunzirowo akhale m'Chisena ndi m'Chichewa, ojambulidwa kuti azimveka pa mawailesi a m'madera komanso pa foni, chifukwa si onse amene amawerenga. Ophunzitsidwawo akhale ndi namwino wa matenda a maganizo wowayendera, amene angamutumizire odwala kwambiri. Ndipo ntchitoyi isathe tsiku limene msasa watsekedwa, chifukwa kwa ena mantha amaonekera bwino akabwerera pabwinja n'kuona pamene panali nyumba.

M'zipatala, funso lachiwiri lija lizifunsidwa. Komanso tisathamangire mapilitsi ogonetsa monga diazepam. Malangizo a WHO a mu 2013 amati mankhwala amtunduwu asaperekedwe pofuna kuthetsa mantha kapena kusowa tulo m'mwezi woyamba ngozi itachitika, chifukwa palibe umboni woti amathandiza kuchira ndipo munthu amatha kuwazolowera. Ku sukulu ya ukachenjede ya KUHeS kuli akatswiri amene angayese njira zimenezi m'midzi ya m'chigwa momwemo, kuphatikizapo magule ndi makwaya athu, kuti tidziwe ndi umboni wathuwathu chimene chikuthandiza ndi chimene sichikuthandiza. Tisaiwalenso opulumutsa anzawo: asilikali, apolisi, opalasa mabwato ndi anyamata a m'midzi amene anavuula mitembo ndi manja awo. Iwowa timawayamika tsiku limodzi, kenako amapita kukagona okha ndi zimene anaona.

Kwa inu amene muli ndi mbale wotere pakhomo, simukufunika satifiketi kuti muyambepo. Musamuseke akadzidzimuka, musamuuze kuti aiwale, musamukakamize kufotokoza. Khalani naye pafupi mvula ikamagwa. Akayamba kunjenjemera musamuletse, muuzeni kuti muli pompo ndipo zidutsa. Mwana akakodza pogona musamumenye, mugoneke pafupi nanu, mulole asewere phada ndi fulaye ndi anzake, ndipo mumuuze zoona zake za kumene banja lidzathawire madzi akabweranso, chifukwa mwana wodziwa njira amaopa pang'ono. Zikapitirira mwezi osasintha, pitani naye kuchipatala ndipo mukanene momveka kuti zinayamba ndi madzi aja.

Mvula ibweranso, ndipo Shire adzadzazanso, kaya chaka chino kaya cha mawa. Pa bajeti yokonzekera nyengo imeneyo pamakhala mzere wa matenti, wa mafuta a mabwato, wa mankhwala othira m'madzi akumwa. Tikupempha kuti pakhalenso mzere wophunzitsira anthu a m'midzi kuthandiza anzawo amene matupi awo akadali kuthawa madzi a 2015, a 2022 ndi a 2023. Makhansala ndi aphungu a ku Chikwawa ndi Nsanje afunse za mzere umenewu pa msonkhano wa khonsolo ukubwerawu, mitambo isanayambe kuda.